Kumtunda Juzi, Kuchigwa Thonje: Mmene Nyengo Imalamulira Kavalidwe m'Chigawo cha Tete

Munthu amene anakwerapo shapa (minibasi) ya m'bandakucha kuchokera ku Ulónguè, m'dera la Angónia, kupita mumzinda wa Tete m'mwezi wa Julayi amadziwa kuti ulendo umenewu ndi wovula zovala. Pokwera, aliyense amakhala atadzikundikira: jekete pamwamba pa juzi, chipewa chaubweya chofika m'makutu, amayi atafunda kapulana (chitenje) wachiwiri m'mapewa, ndipo mwana ali kumbuyo akungooneka mphuno yokha. Galimoto ikafika pa mphambano ya Mussacama n'kuyamba kutsetsereka, zipewa zimayamba kulowa m'zikwama. Pofika ku Moatize majekete amakhala ali pamiyendo, ndipo powoloka mtsinje wa Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, munthu yemwe uja amanjenjemera m'mawa amakhala akudzikupiza ndi mpango. Nyengo ndi imodzi, tsiku ndi limodzi, chigawo ndi chimodzi, koma chovala choyenera chasintha kawiri konse pa mtunda wa makilomita ongopitirira 200.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi kukwera kwa malo. Mzinda wa Tete uli m'chigwa, pa mamita osafika 200 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene dera la Angónia lili pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizirirako ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. N'chifukwa chake Tete ali m'gulu la mizinda yotentha kwambiri m'dziko la Mozambique, moti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadumpha madigiri 40, pamene ku Tsangano ndi ku Angónia m'mawa wa Juni manja amachita kuuma pogwira khasu. Madera a Macanga ndi Chifunde amatsamira kumtunda, pomwe Changara, Mágoè ndi Mutarara ndi a m'chigwa.

Ndayamba ndi nkhani ya mapiri ndi zigwa chifukwa mafashoni ambiri amene timawaona pa foni, kaya pa Facebook, pa TikTok kapena m'masewero a pa wailesi yakanema ochokera ku Brazil, anapangidwira anthu amene chaka chawo chimayenda mosiyana ndi chathu. Kuno kavalidwe kamatsatira makalendala atatu amene amayendera limodzi. Pali kalendala yakumwamba, ya dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Pali kalendala ya m'thumba, yomwe imayang'ana nthawi imene fodya, mbatata ya kachewere, chimanga ndi nyemba zagulitsidwa. Ndiyeno pali kalendala ya belo la kalamidade (zovala zakale zochokera kunja), imene imakonzedwa ndi anthu akutali amene sanamvepo n'komwe dzina la Furancungo. Amene amatchena bwino chaka chonse popanda kuwononga ndalama ndi amene amadziwa kuwerenga makalendala atatuwa pamodzi, ndipo amayamba kufunsa za mtundu wa nsalu asanafunse za sitayelo.

Chaka cha mafashoni, kwa amayi makamaka, chimayamba m'masika, ndipo tsiku lake ndi lodziwika. Pa 7 Epulo dziko lonse limakumbukira Tsiku la Amayi a ku Mozambique, tsiku limene Josina Machel anamwalira m'chaka cha 1971. Mwambo umene unakhazikika ndi wakuti amayi a pamalo amodzi a ntchito, a mpingo umodzi, a gulu limodzi la chipereganyu kapena a banja limodzi amagwirizana kapulana mmodzi, n'kugula onse wofanana. Chosangalatsa n'chakuti kufananako kumathera pa nsalu pokha. Wina amasoketsa diresi lalitali la manja otukumuka, wina siketi yothina m'chiuno yotambasuka m'munsi ngati mchira wa nsomba, wina bulauzi yokhala ndi kampheto kobiriwira m'chiuno, pomwe amayi achikulire amangomanga nsalu yawo m'chiuno, ina kumutu, monga anachitira amayi awo. Gulu likamayenda pamsewu limaoneka ngati munda umodzi wa maluwa, koma ukaliyandikira umaona kuti aliyense wanena zake.

M'masabata awiri omaliza a Malichi, telala wa pakhonde la sitolo sagona. Ndinakhalapo pambali pa mmodzi wa iwo madzulo ena, makina ake opalasa ndi phazi akulira osapuma, tepi yoyezera ili m'khosi, choko chili kukhutu, ndipo kumbuyo kwake kuli mulu wa nsalu zofanana, iliyonse atailemba dzina la mwiniwake pakapepala kobaya ndi singano. Kunabwera mayi wina ndi foni m'manja, n'kumuonetsa chithunzi cha diresi. Telalayo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, diresi ili likufuna makapulana atatu, inu mwabweretsa awiri. Musankhe: manja kapena mchira." Mayiyo anasankha manja. Pamenepo m'pamene fashoni ya pa intaneti imasandukira fashoni ya kwathu, pakati pa chithunzi ndi mamita a nsalu amene munthu wakwanitsa kugula.

Kapulana ameneyu, yemwe tsidya lina la malire amamutchula kuti chitenje, ndi nsalu ya pafupifupi mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi kachidutswa m'lifupi. Mbiri yake ndi yaitali kuposa mmene ambiri amaganizira. Makolo athu asanadziwe nsalu za m'sitolo ankavala nyanda yosula kuchokera ku makungwa a mitengo, komanso m'chigwa cha Zambezi munkaombedwa nsalu ya thonje yotchedwa machila, imene inkayenda pa malonda zaka mazana angapo zapitazo. Nsalu zamawangamawanga zinkabwera ndi amalonda ochokera ku India kudzera m'madoko a kunyanja. Agogo athu amakumbukirabe biriwita ndi merekani. Luso losindikiza maluwa pansalu pogwiritsa ntchito phula linachokera ku chilumba cha Java ku Indonesia, ndipo makampani a ku Ulaya, monga Vlisco ya ku Helmond m'dziko la Netherlands, ndi amene analisandutsa ntchito ya makina. N'chifukwa chake mpaka lero mawu akuti java ndi wakisi amamveka pamsika pofuna kusiyanitsa mitundu ya nsalu. Masiku ano makapulana ambiri amene ali m'masitolo athu amasindikizidwa ku India ndi ku China, ndipo fakitale yaikulu ya nsalu ya Textáfrica ku Chimoio, imene inkaveka anthu ambiri a m'chigawo chapakati, inatsekedwa kalekale.

Kudziwa zimenezi kuli ndi phindu lake pogula, chifukwa si kapulana aliyense amene ali wa thonje. Ambiri otchipa ndi a poliyesitala, kapena osakaniza, ndipo amawala mokopa maso ali pashelefu chifukwa cha mankhwala owaumitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira zoyesera zilipo ndipo sizifuna sukulu. Tembenuzani nsaluyo: wakisi weniweni amaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, pamene nsalu yongosindikiza pamwamba imakhala yotuwa kuseri. Ifinyeni m'dzanja n'kuisiya: thonje limasunga makwinya, poliyesitala amabwerera msanga. Ngati mwafika nayo kale kunyumba, sololani ulusi umodzi m'mphepete n'kuuyatsa ndi machesi. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, koma poliyesitala amasungunuka n'kusanduka kambulu kolimba kakuda. Ine ndinaphunzira mochedwa, nditasoketsa malaya a nsalu imene sindinaichape kaye. Nditawachapa koyamba anafupika manja, ndipo utoto wake wofiira unachucha n'kuthimbiriritsa malaya ena oyera amene ndinawaviika m'beseni lomwelo. Nsalu ya thonje iyenera kuchapidwa payokha m'madzi ozizira isanapite kwa telala, ndipo iyanikidwe pamthunzi, kuseri kuli kunja, kuti isasuluke.

Kuyambira mu Epulo kupita m'tsogolo misika ya fodya imatsegulidwa m'madera a Angónia, Macanga, Chifunde ndi Tsangano, chimanga chimalowa m'nkhokwe, ndipo ndalama zimayamba kuoneka m'midzi. Zinangochitika mwamwayi kuti nthawi yomweyi ndi imene chisanu chimagogoda pakhomo, kotero kuti ndalama yoyamba ya zovala imapita ku majuzi a ana, mabulangete ndi majekete. Apa m'pamene kalamidade amalamulira msika.

Dzina limeneli lili ndi mbiri yowawa. Limachokera ku mawu a Chipwitikizi otanthauza tsoka kapena ngozi yogwa mwadzidzidzi, ndipo linamera m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ndi chilala zinasautsa dziko, zovala zakale zochokera kunja n'kumagawidwa kwa anthu ngati chithandizo. Nkhondo inatha mu 1992, chithandizo chinasanduka malonda, koma dzina linatsala. Ku Malawi zovala zomwezi amati kaunjika, ku Zambia amati salaula, ndipo m'misika ya m'malire monga ya Zóbuè, Calómuè, Lizulu ndi Tsangano mayina onsewa amamveka pamodzi, monganso mmene metikali ndi kwacha zimayendera limodzi m'thumba la wogulitsa mmodzi. Zovalazi zimasonkhanitsidwa ku Ulaya, ku America, ku China ndi kwina, zimasankhulidwa potengera mtundu ndi ubwino wake, kenako zimapanikizidwa m'mabelo, ambiri a makilogalamu 45. Zambiri zofika kuno zimatsikira pa doko la Beira n'kukwera ndi malole kudutsa ku Catandica ndi ku Changara.

Wogulitsa amagula belo lomanga osadziwa bwinobwino zimene zili m'kati, kupatula chizindikiro chonena kuti ndi majekete a abambo kapena madiresi a ana. N'chifukwa chake nthawi yodula zingwe za belo imakhala ngati ya mayeso. Anthu amazungulira, wogulitsa amadula waya, zovala zimafufuma ngati mtanda wa buledi, ndipo fungo lake lija, limene aliyense wa kuno amalidziwa ali chitsinzinire, limadzaza malo onse. Oyamba kusankha, amene nthawi zambiri amakhala anyamata okagulitsanso m'tauni atazichapa ndi kuzisita, amalipira mtengo wokwera. Zotsala zimapachikidwa pa mahang'ala, ndipo zotsala za zotsala zimaunjikidwa pansi pa pulasitiki pa mtengo umodzi. Amene ali ndi diso ndiponso nthawi amapeza chuma pa mulu wapansiwo, chifukwa osankha oyamba amathamangira dzina la kampani lolembedwa pachifuwa, osati ubwino wa nsalu. Juzi yaubweya wa nkhosa weniweni, yopanda chilembo chilichonse, imatha kutsalira pansi, chikhalirecho imafunda bwino kwambiri. Kakalata ka m'kati mwa chovala, kamene kamanena kuchuluka kwa thonje, ubweya kapena poliyesitala, ndi kofunika kukawerenga kuposa dzina la pachifuwa. Muyang'anenso m'khwapa, m'khosi, zipi ndi m'matumba, pakuti m'menemo ndi mmene chovala chimayambira kutha.

Vuto la kalendala ya belo ndi lakuti maiko kumene zovalazi zimachokera ali kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nyengo zimatembenuka: kwawo kukamazizira mu Disembala ndi Januwale, kuno kumakhala kukutentha ndi kugwa mvula. Amalonda akuluakulu amasunga mabelo a zofunda kuti awatulutse chisanu chikayandikira, ndipo mtengo umakwera pa nthawi yomwe aliyense akuzifuna. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi kumapeto.

Za kavalidwe ka m'chisanu kumtunda, langizo langa ndi lakuti zovala zopyapyala zingapo zimaposa chovala chimodzi chochindikala. Chimene chimafunditsa munthu ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa zovala, ndiponso dzuwa la Juni likakwera, masana kumatentha ndithu, moti amene wavala chijasi chimodzi pamwamba pa thupi amasowa chovula. Mphunzitsi wamkazi wa ku Dómuè akhoza kuvala bulauzi ya manja aatali, kajuzi kotsegula kutsogolo ka mtundu umodzi, siketi ya kapulana yokhala ndi nsalu ina m'kati, masokosi aatali akuda ndi nsapato zotseka, n'kukulunga m'khosi kansalu kotsala pa siketi ija. Chinsinsi chophatikiza kapulana ndi zovala za kalamidade ndi kusankha mtundu umodzi mwa mitundu ya m'maluwa a nsaluyo, makamaka umene sukuoneka kwambiri, n'kupeza juzi kapena jekete la mtundu umenewo. Maluwa pamwamba, maluwa ena pansi, mizeremizere m'khosi, maso a woona amasowa popumira. Kwa abambo, jekete la jinzi kapena lachikopa pamwamba pa juzi ya khosi lalitali lakhala likukondedwa zaka zambiri, ndipo achinyamata atengeka ndi majuzi okhala ndi chipewa chake komanso majekete ofufuma. Oyendetsa njinga zamoto zonyamula anthu ndiwo asandutsa jekete lofufumali kukhala yunifolomu yawo, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, popeza mphepo ya pa njinga m'mawa imalowa mpaka m'mafupa. Chimene chimandiseketsa pang'ono n'chakuti fashoni yomweyi yatsikira kuchigwa, kumene mnyamata amavala jekete lopangidwira chipale chofewa cha ku Canada pa kuzizira kumene munthu wa ku Tsangano angakutche kamphepo kayaziyazi. Komabe tisawaweruze kwambiri: anthu a mumzinda wa Tete ali ndi masabata owerengeka okha pachaka ovalira jekete, ndipo amafuna kuwadyerera.

Miyezi ya Julayi, Ogasiti ndi Seputembala ndi ya maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi miyambo, chifukwa ntchito ya kumunda yachepa, misewu ndi youma ndipo chakudya chilipo. Apa kapulana wofanana amabwereranso, akuchikazi ndi wawo, akuchimuna ndi wawo, ndipo abambo amene kale ankaona nsaluyi ngati ya amayi okha tsopano amasoketsa malaya athunthu, kapena kuika kachidutswa kake pa kolala, pathumba ndi m'mphepete mwa manja a malaya oyera. Kusinthaku kwathandizidwa ndi okonza mafashoni a m'dziko muno monga Taibo Bacar, amene anaonetsa kuti kapulana akhoza kuyenda pa mabwalo a mafashoni a kunja, komanso chionetsero cha Mozambique Fashion Week. Kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a m'chigawo chino amapita ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumeneko nsalu ndi imene imasonyeza gulu limene munthu wabwera nalo. Pa zochitika zoterezi, ngakhalenso pamaliro ndi pamaso pa apongozi, mayi kapena mtsikana amene wavala buluku amayembekezeka kumanga nsalu pamwamba pake. Atsikana ambiri a m'tauni anapeza njira yawo: kapulana amayenda naye atamupinda m'chikwama, n'kumumanga galimoto ikangoima pamudzi.

Kenako kumabwera chilimwe, ndipo apa nkhani imasamukira kuchigwa. Kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itagwa, funso la kavalidwe mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara limakhala la thanzi lisanakhale la kukongola. Thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta, koma thukutalo limaziziritsa pokhapokha likamauma pakhungu. Thonje ndi bafuta zimamwa thukuta n'kulola mphepo kudutsa. Poliyesitala wolukidwa mothinana samwa madzi, kotero thukuta limatsalira pakati pa khungu ndi chovala, munthu n'kumamva ngati wakulungidwa m'jumbo, ndipo zotsatira zake ndi fungo komanso timatuza toyabwa ta m'khosi ndi kumsana, makamaka kwa ana. Nsalu ya visikosi, yomwe imapezeka kwambiri m'madiresi a kalamidade, ndi yopepuka ndiponso yozizira bwino, kungoti imafooka ikanyowa ndipo siyenera kufinyidwa mwamphamvu pochapa. Majezi a mpira, amene anyamata amawakonda, ndi a poliyesitala ndithu, koma amalukidwa ndi timabowo kuti aziuma msanga. Vuto lake ndi lakuti amasunga fungo ngati sachapidwa tsiku lomwelo.

Ambiri amaganiza kuti kukatentha munthu achepetse chovala, koma pa dzuwa la ku Tete khungu lapamtunda limapsa. Chothandiza ndi chovala chotaya, chopepuka, chophimba mapewa ndi mikono koma chosamamatira thupi. Diresi lalitali lotaya la kapulana wa thonje, lopanda nsalu yachiwiri m'kati, ndilo chovala chanzeru kwambiri cha nyengo imeneyi, ndipo ndi bwino kumuuziratu telala kuti asaike m'kati nsalu yoterera ija, chifukwa kawirikawiri imakhala ya poliyesitala ndipo imapha ubwino wonse wa thonje lakunja. Kwa abambo a mu ofesi, malaya a thonje a manja aafupi ndi buluku lopepuka la mtundu wa khaki zimapatsa ulemu wokwanira. Suti yakuda ndi tayi pa madigiri 40 ndi chizolowezi chimene tinatengera kwa anthu a kumaiko ozizira, ndipo sindinapezebe amene angandifotokozere phindu lake kupatula kuopa kunenedwa. Jinzi yothina nayonso ndi chilango chodzipatsa wekha mu Okutobala.

Pa nkhani ya mitundu pali kukokana. Zoyera ndi zowala zimabweza kutentha kwa dzuwa, zakuda zimakumwa, izi n'zoona. Koma chilimwe ndi nyengonso ya fumbi ndi akamvuluvulu, ndipo ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, fumbilo ndi lakuda, moti malaya oyera oyanikidwa panja amatha kusintha mtundu asanavalidwe. Kumtunda fumbi ndi lofiira, ndipo limakakamira m'mphepete mwa siketi ndi m'makolala. Anthu ozindikira amasankha mitundu yapakati: yotuwa ngati phulusa, yamtambo wowala, yachikasu chozimiririka, kapena kapulana wa maluwa ang'onoang'ono othithikana amene amabisa fumbi. Choyera chimasungidwira Lamlungu. Chipewa cha mlaza cha khonde lalikulu, chimene achinyamata ena amachiona ngati cha kumunda, chimateteza nkhope ndi khosi kuposa kapusi, ndipo ambulera si wa mvula yokha.

Za dzinja sindinena zambiri, chifukwa nyengo imeneyi fashoni imagonjera matope. Walira mvula walira matope. Siketi ndi mabuluku zimafupikirako kuti zisakweze thope, nsapato za nsalu ndi zachikopa chofewa zimapuma, ndipo zapulasitiki ndi magambutsi zimatenga malo. Ogwira ntchito m'maofesi ambiri amayenda ndi nsapato zabwino m'chikwama n'kukasinthira pakhomo la ntchito. Apa poliyesitala amene ndamunyoza uja amapezako ulemu, popeza amauma msanga pamene jinzi imatha masiku awiri pachingwe n'kuyamba kununkha chinyontho. Zinthu ziwiri zokha ndi zosafunika kuziiwala. Choyamba, pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena pa udzu, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Kusita zovala zonse ndi simbi yotentha, kuphatikizapo zam'kati ndi matewera a ana, kumapha mazirawo. Chachiwiri, madzulo a dzinja ndi a udzudzu, choncho manja aatali ndi buluku lofika m'mapazi zimathandiza pa nkhondo ya malungo.

M'kati mwa dzinja momwemo muli Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene mwana aliyense amayembekezera chovala chatsopano ngakhale kuti m'midzi imeneyi ndi nthawi imene ndalama zapita ku feteleza ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Sabata zochepa pambuyo pake sukulu zimatsegulidwa, telala uja n'kusiya maluwa kuyamba kusoka mayunifolomu. Makolo amene anaganiza mwakuya amakhala atagula za Khirisimasi kale m'miyezi ya ndalama, zokulirapo pang'ono, n'kuzibisa pansi pa sutikesi.

Tsopano ndibwerere ku kalendala ya belo. Popeza mtengo wa chovala umatsatira kuchuluka kwa ochifuna, nthawi yabwino yogulira jekete si Juni ayi, koma Okutobala ndi Novembala, pamene wogulitsa watopa kulinyamula m'mawa ndi madzulo ndipo akufuna ndalama yoti akagulire belo la madiresi opepuka. Momwemonso zovala za chilimwe zimatsika mtengo mu Meyi ndi Juni. Chofunika n'kudziwa kusunga: chovala chichapidwe, chiume kwathunthu, chiikidwe m'sutikesi kapena m'thumba lotseka pamalo osafika chinyontho, ndipo chitulutsidwe kamodzi kapena kawiri m'dzinja pa tsiku la dzuwa, kuti nkhungu ndi njenjete zisachipeze. Malo abwino koposa ogulira zofunda pa nthawi imeneyi ndi kuchigwa, kumene palibe amene akuziganizira n'komwe. Chaka china mu Novembala ndinaima pa msika wa Kwachena mumzinda wa Tete, dzuwa lili paliwombo, thukuta likuyenderera m'msana, ndikuyesa chijasi chaubweya chofika m'mawondo. Amayi ogulitsa pafupi anasiya zimene amachita n'kumandiyang'ana, ndipo mwini katunduyo anandifunsa mwaulemu ngati ndikudwala malungo. Nditamuuza kuti kwathu ndi ku Angónia anangoseka, n'kunditsitsiranso mtengo, kenako analowa pansi pa tebulo lake n'kutulutsa majuzi ena awiri amene anali atawaiwala kuyambira mu Julayi.